Tinakafika ku Atlanta, koma mtima wanga unatsala ku Detroit

Patha sabata chigonjereni timu yanga ya Notre Dame kwa Ohio State mu fainolo ya mpira wa makoleji ku Atlanta, ndipo mayi a kunyumba akuti nkhope yanga yayamba kubwerera mwakale. Jezi yabuluu ija yachapidwa, yapindidwa, yalowa m'sutikesi mpaka Ogasiti. Kuno ku South Bend kukuzizira koopsa, chipale chaunjikana m'mbali mwa msewu ngati ufa pachigayo, ndipo Loweruka lafika lopanda mpira. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe zomwe maso anga aona kuchokera pakati pa Disembala kufika pa 20 Januwale 2025, mutu usanayambe kusakaniza nkhani.

Inu a kumudzi, ndikati mpira sindikunena wa Maule ndi Manoma ayi. Ndikunena uja wooneka ngati papaya, womwe anyamata amasewera atavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa inayi ina, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kukafika nawo kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6, pomwe kuumenya ndi phazi kuti udutse pakati pa mapolo ndi mapointi 3. Zinazo mudzazidziwa mukadzabwera. Ineyo zaka ziwiri zoyamba ndinkauseka mpira umenewu, ndinkati ndi masewero anji oimaima ngati minibasi yosadzaza. Koma ukakhala m'tauni ya anthu pafupifupi 100,000 momwe muli bwalo la sukulu lolowa anthu oposa 77,000, kothawira kulibe. Tsiku la gemu misewu imathina, anthu amayamba kuotcha nyama kumbuyo kwa magalimoto m'mawa, ena amabwereketsa kapinga wa pakhomo pawo kuti alendo aimikepo galimoto. Amalawi tilipo ambiri dera lino, ndipo anzanga ambiri ndi a Seventh Day, moti mpira wa Loweruka masana amangoumva m'mbiri. Dzuwa likangolowa foni yanga imayamba kulira, aliyense akufuna kudziwa kuti zatha bwanji. Umu ndi momwe ndinasandukira mtolankhani wa Notre Dame wopanda malipiro.

Masewero a bowl ndi mwambo wakale kwambiri. Oyamba anachitika mu 1902 ku Pasadena, California, pomwe Michigan inakwapula Stanford 49-0. Chikwapu chake chinali chochititsa manyazi moti okonza chikondwererocho anauleka mpira n'kumachititsa mipikisano ina, mpaka anadzauyambiranso mu 1916. Dzina loti bowl linachokera ku bwalo la Rose Bowl lomwe anadzamanga kumeneko, looneka ngati mbale yolowa. Maganizo ake anali osavuta. Ligi ikatha, timu yomwe yachita bwino inkaitanidwa ku mzinda wofunda kukasewera gemu imodzi yokha ndi timu yomwe siikumana nayo kawirikawiri. Anyamata ankagona kuhotela masiku angapo, kupatsidwa timphatso, ochemerera n'kuthawako chisanu. Wopambana ananyamula chikho, wogonja anabwera ndi zithunzi za kunyanja, nkhani yathera pomwepo. Lero timu imangofunika kupambana magemu 6 mwa 12 kuti iitanidwe, masewerowa akwana oposa 40, ndipo makampani amagula mayina ake. Kuli bowl ya mbatatesi ku Boise. Kuli ya mayonezi ku Charlotte, komwe mphunzitsi wopambana amamukhazika pampando n'kumukhuthulira ndowa ya mayonezi pamutu. Chaka chino anasamba mayoneziyo ndi P.J. Fleck wa Minnesota, bambo wamkulu wa dazi lake.

Chomwe chinasintha chaka chino ndi mpikisano wa akatswiri. Kuyambira 2014 ankalowamo matimu anayi okha, koma tsopano ndi 12, ndipo ma bowl asanu ndi imodzi akuluakulu aja, Rose, Sugar, Orange, Cotton, Fiesta ndi Peach, asanduka makwerero opitira ku fainolo. Ndisanayambe kudandaula, ndivomere kaye kuti zikanakhala za matimu anayi, Notre Dame ikanaonerera pa TV ngati ine. Pa 7 Sepitembala tinalipira Northern Illinois madola 1.4 miliyoni kuti ibwere kudzagonja pakhomo pathu, monga zimachitikira ndi matimu ang'onoang'ono. Anyamata aja analandira ndalamazo n'kutigwetsa 16-14. Tsiku limenelo ndinali pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, ndipo gogo wina wa zaka zoposa 90 anakana kumwa mankhwala mpaka nditamulonjeza kuti mphunzitsi Marcus Freeman achotsedwa. Freeman sanachotsedwe. Timu inapambana magemu khumi otsatizana, n'kumaliza pa nambala 5 pa mndandanda wa komiti yosankha matimu olowa mumpikisanowu. Kale nambala 5 inali ya munthu wofika basi itangonyamuka.

Gemu yoyamba inali Lachisanu usiku pa 20 Disembala, pakhomo pathu pompano, ndi Indiana. Aka kanali koyamba kuti gemu ya mpikisanowu iseweredwe pabwalo la sukulu. Mtengo wa tikiti nditaumva ndinangoti zikomo, tinakasonkhana kwa alamu anga m'chipinda chapansi, mphika wa nsima pakati, nkhuku yalokolo yomwe amaidziwa okha kokagula. Ndinali ndisanameze mbamu yachitatu pomwe Jeremiyah Love analandira mpira pafupi ndi mzere wathu n'kuthamanga nawo mayadi 98. Alamu anadumpha n'kugunda mutu ku denga. Zinatha 27-17, koma zigoli zimenezi zikunama, chifukwa tinkatsogola 27-3 mpaka mphindi ziwiri zomaliza. Mawa lake magemu atatu otsalawo anali chimodzimodzi. Penn State inaphwanya SMU 38-10, Texas inagonjetsa Clemson 38-24, Ohio State inasambitsa Tennessee 42-17. Tinadikira chaka chonse phwando limeneli, n'kudya nsima yosapsa.

Tsopano ndifike pomwe ndimafuna. Pa 26 Disembala sindinali pantchito, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 12 anali atatopa ndi kukhala m'nyumba. Ndinaona kuti ku Detroit, ulendo wa maola atatu ndi theka, kukusewera Toledo ndi Pittsburgh mu GameAbove Sports Bowl, dzina lomwe ngakhale alamu anali asanalimvepo. Matikiti awiri anatchipa kuposa mafuta a galimoto. Pittsburgh inali itapambana magemu 7 oyamba n'kugonja asanu otsatira, ndipo Toledo ndi timu ya ligi yaing'ono ya MAC, ligi yomweyo ya Northern Illinois. Palibe chomwe chinali pachiswe. Wopambana sankapita kulikonse.

Ford Field ndi bwalo lofoleredwa, moti tinavula majekete. Mipando yam'mwamba inali yopanda anthu. Pambali pathu panakhala mkulu wina wochokera ku Toledo, tsitsi lili mbuu, atanyamula kabuku ndi pensulo, akulemba chilichonse chochitika pabwalo. Anandiuza kuti sanabwerere osewera, wabwerera mdzukulu wake woimba lipenga m'bandi ya sukulu, ndipo aka ndi komaliza mnyamatayo kuvala yunifolomu. Nthawi yopumula bandi italowa, mkuluyu anaimirira, manja akunjenjemera, akuloza kadontho kamodzi mwa timadontho tambirimbiri pabwalo paja. Mwana wanga anati wamuona. Ndikudziwa kuti sanamuone, koma tinamulera bwino.

Chigawo chomaliza Toledo inkatsalira 30-20, anthu ena anayamba kutuluka. Kenako Darius Alexander, chimphona chotchinga kutsogolo chomwe ntchito yake si kugwira mpira, anawakha mpira womwe Pittsburgh inaponya n'kuyamba kuthamanga nawo. Munthu wolemera ngati matumba atatu a feteleza akuthamanga theka la bwalo, nthaka ikuchita kumveka. Anakafika. Nthawi inatha ali 30-30. M'nthawi yowonjezera timu iliyonse imapatsidwa mpata wogoletsa, ndipo kuyambira ulendo wachitatu zimakhala ngati mapenate, mpira amauika pa mayadi atatu, mwayi umodzi basi. Anafika 37-37, kenako 40-40, 42-42, 44-44, 46-46. Kawiri konse osewera a Toledo anathamangira m'bwalo akukondwera kuti zatha, n'kubwezedwa, koyamba chifukwa oimbira anaponya kansalu kachikasu kosonyeza kuti pali cholakwa, kachiwiri ataonanso kanema n'kusintha chigamulo. Mkulu uja anasiya kulemba. Pensulo anali ataiika pakamwa, dzanja lina atagwira phewa langa ngati tinakulira mudzi umodzi. Paulendo wachisanu ndi chimodzi Toledo inagoletsa, Pittsburgh inalephera, 48-46. Palibe bowl m'mbiri yonse yomwe inafikapo nthawi zowonjezera zisanu ndi imodzi. Mbiri yomwe anaiphwanya inali ya masiku awiri okha, chifukwa usiku wa pa 24 Disembala ku Hawaii, South Florida inagonjetsa San Jose State 41-39 pambuyo pa nthawi zowonjezera zisanu. Anyamata a Toledo ankalira, ena atagona chagada pakapinga. Pobwerera mwana wanga, yemwe sanaonerepo gemu ya Notre Dame mpaka kumapeto, anandifunsa kuti, "Adadi, Toledo ili mu ligi yanji?"

Nditawafotokozera alamu, anangoseka. Iwo amati ma bowl ang'onoang'ono anafa kale, changotsala n'kuwaika m'manda. Umboni ali nawo, ndipo ndi wowawa. Marshall inatenga chikho cha ligi ya Sun Belt n'kuitanidwa ku Independence Bowl ku Shreveport kukakumana ndi Army. Mphunzitsi wawo Charles Huff anachoka kupita ku Southern Miss, osewera oposa 20 analembetsa mu transfer portal, kaundula wa ofuna kusintha sukulu, ndipo timuyo inati ilibe anthu okwanira, siibwera. Anachita kukatola Louisiana Tech, yomwe inapambana magemu 5 okha, kuti idzatseke dzenje, Army n'kuigonjetsa 27-6. Tangoganizani timu yotenga ligi kukana kukasewera chifukwa theka la anyamata lalongedza zikwama.

Ndiye panali za Cam Ward wa Miami ku Pop-Tarts Bowl ku Orlando pa 28 Disembala. Iyi ndi bowl yomwe munthu wovala ngati bisiketi amavina gemu yonse, pamapeto n'kulowa m'chowotchera buledi chachikulu, kunsi n'kutuluka bisiketi yeniyeni yomwe opambana amaidya ndi manja. Azungu akafuna kuseketsa amafika patali. Ward anaponya ma touchdown atatu m'chigawo choyamba, n'kukhala woponya ma touchdown ambiri kuposa wina aliyense m'mbiri ya mpira wa makoleji akuluakulu. Atangotero, chigawo chachiwiri anaonerera ali panja, timu yake n'kugonja kwa Iowa State 42-41. Alamu anakalipa. "Mwana wopanda mwambo," anatero. "Wadya ndiwo, nsima wasiyira anzake."

Ndinawayankha kuti alamu, mukumukumbukira Jaylon Smith? Anakhala chete, chifukwa aliyense wa Notre Dame amamukumbukira. Pa 1 Januwale 2016, mu Fiesta Bowl yomwe sinkapita kulikonse, tikusewera ndi Ohio State yomweyi, mnyamatayu anathyoka bondo. Aliyense ankati akhala m'gulu la oyambirira kusankhidwa ku NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa. Anadzasankhidwa m'ndime yachiwiri ndi Dallas Cowboys, mamiliyoni atapita ndi mphepo, ndipo chaka choyamba sanasewere n'komwe. Disembala wotsatira Christian McCaffrey ndi Leonard Fournette anakana kusewera ma bowl awo, ena onse n'kutengerapo. Ife tinasiya makolo kumudzi kutsata dola, tikusamalira agogo a eni ake usiku wonse pomwe athu akukalamba osationa. Ndingamuuze chiyani mnyamata wa zaka 22 yemwe bondo lake ndiye munda wa banja lonse? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa zaka zoposa 100 aphunzitsi, masukulu ndi ma TV ankagawana ndalama, osewera n'kupatsidwa wotchi ndi chikwama. Kuyambira mu 2021 malamulo akuwalola kulandira ndalama chifukwa cha dzina ndi nkhope zawo, ndipo akusamuka sukulu momwe aphunzitsi awo akhala akusamukira kuyambira kale. Zikundipweteka monga wochemerera, koma sindingawade. Komanso tisamachite ngati ndife oyera. Riley Leonard, woponya mpira wathu, tinamutenga ku Duke. Mitch Jeter, womenya ndi phazi, anachokera ku South Carolina.

Tsiku la Chaka Chatsopano ndiye tsiku lenileni la ma bowl. Linayamba ndi Peach Bowl ku Atlanta, gemu yokhayo m'ndime ziwiri zoyamba za mpikisano waukulu yomwe inandiimiritsa pampando. Texas inkatsogola 24-8, koma Cam Skattebo wa Arizona State, mnyamata wamfupi wojintcha wothamanga ngati ng'ombe yothawa dibi, anakana kufa. Anathamanga, anawakha, anaponyanso touchdown yekha, atasanza kaye m'mbali mwa bwalo. Texas inapulumuka 39-31 m'nthawi yowonjezera yachiwiri, Quinn Ewers atapeza Matthew Golden pa mpata wachinayi pakufunika mayadi 13. Mphoto ya wosewera bwino anaipereka kwa Skattebo wogonjayo. Madzulo ake Ohio State inavula Oregon, timu yomwe inali isanagonjepo, 41-21 ku Rose Bowl, ndipo inafika 34-0 nthawi yopumula isanakwane. Kukongola kwa dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a San Gabriel kunaonongeka chabe. Matimu onse anayi omwe anapatsidwa mwayi wodumpha ndime yoyamba, Oregon, Georgia, Boise State ndi Arizona State, anatuluka pa gemu yawo yoyamba.

Ife tinayenera kusewera usiku womwewo ku New Orleans, koma m'bandakucha munthu wina analowetsa galimoto m'khamu la anthu pa Bourbon Street n'kupha anthu 14. Sugar Bowl anaisunthira mawa lake. Ndinakhala m'mawa wonse ndikuimbira mnzanga wa kuntchito yemwe anapita kumeneko ndi mkazi wake, ndipo atayankha sindinathe kulankhula bwinobwino. Pa 2 Januwale masana tinagonjetsa Georgia 23-10, titagoletsa mapointi 17 m'masekondi 54 okha, kuphatikizapo Jayden Harrison kubweza mpira woyambira chigawo chachiwiri mayadi 98. Notre Dame inali isanapambane bowl yaikulu kuchokera pa Cotton Bowl ya Januwale 1994. Zaka 31 za kusekedwa zinatha tsiku limenelo, koma chimwemwe chake chinali cha pakhosi, chosatuluka bwino.

Orange Bowl ya pa 9 Januwale ndiye inanditsala pang'ono kundipha. Penn State inatsogola 10-0, Leonard anatuluka kukapimidwa mutu, n'kubwerera. Jaden Greathouse anafananitsa 24-24, womulonda ataterereka n'kugwa. Kenako Drew Allar wa Penn State anaponya mpira m'manja mwa Christian Gray wathu, ndipo Jeter, yemwe mwendo unamuvuta kwa miyezi ingapo, anaumenya kuchokera pa mayadi 41 kutatsala masekondi 7. Zinatha 27-24. Freeman, mwana wa bambo wakuda ndi mayi wa ku Korea, anakhala mphunzitsi woyamba wakuda kufikitsa timu ku fainolo imeneyi. M'chipinda chapansi cha alamu muja munamveka nthungululu ngati za pachinkhoswe, mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kuli bwino.

Za fainolo sindikufuna kuchulutsa. Linali Lolemba pa 20 Januwale, tsiku lomwe Donald Trump ankalumbira ku Washington, ndipo gemu inayamba kumudzi kuli cha m'ma 2 koloko usiku. Mchimwene wanga ku Zomba anadzuka kuti azitsatira pa WhatsApp ngakhale sadziwa lamulo n'limodzi lomwe. Tinayamba ngati mikango. Tinausunga mpira pafupifupi mphindi 10, maulendo 18, Leonard akuthamanga nawo yekha kasanu ndi kanayi mpaka kugoletsa, kenako n'kukasanza panja. Ndinadziwa pomwepo kuti mphamvu zonse tazithera pakhomo. Ohio State inagoletsa mapointi 31 otsatizana. Tinabwerera ndithu, Greathouse anagoletsa kawiri, 31-23, ndipo pakati apo mpira wa Jeter unagunda polo n'kubwerera. Kutatsala mphindi ziwiri ndi theka, Ohio State ikufunika mayadi 11 pa mpata wachitatu, aliyense akuganiza kuti athamanga nawo kuti adye nthawi, Will Howard anauponya kutali kwa Jeremiah Smith, mwana wa chaka choyamba, mayadi 56. Alamu anazimitsa TV gemu isanathe. Zinatha 34-23. Chikho chathu chomaliza chikadali cha 1988, cha mphunzitsi Lou Holtz.

Anzathu a Ohio State a ku Columbus akuyenera ulemu wawo. Pa 30 Novembala anagonja pakhomo kwa Michigan 13-10, ochemerera awo n'kumafuna mutu wa mphunzitsi wawo Ryan Day, ndipo kale kugonja koteroko kunkatseka chaka. Ulendo uno anadzuka n'kugwetsa Tennessee, Oregon, Texas ndi ife. Akuluakulu a sukuluyo ananena okha kuti osewera awo analandira pafupifupi madola 20 miliyoni. Nafenso Notre Dame, poti sitili mu ligi iliyonse, madola 20 miliyoni omwe tinapeza mumpikisanowu sitigawana ndi aliyense. Ana a sukulu asewera magemu 16, pafupifupi ofanana ndi a NFL, ndipo akuluakulu ayamba kale kukambirana zoonjezera matimu. Ichi chakoma, ichi chakoma. Timu iliyonse yoonjezera mumpikisano waukulu ikuchotsedwa ku bowl ina yaing'ono, ndipo tsiku lina wina adzawerengera n'kuona kuti gemu ya masana pa 26 Disembala ku Detroit siikulipira magetsi.

Chodabwitsa n'choti ndikatseka maso sindikuona Atlanta. Magemu anayi a timu yanga ndinawaonera m'mimba mukupota, osasangalala ngakhale mphindi imodzi, chifukwa kupambana kulikonse kunkangobala mantha a gemu yotsatira. Ndikuona pensulo ili pakamwa pa mkulu uja, ndi anyamata a Toledo akubwerera panja kachiwiri, manyazi ndi kuseka zitasakanikirana. Mwana wanga wapachika kapu ya Toledo pakhoma la kuchipinda kwake, m'nyumba ya Notre Dame, ndipo ndalephera kumuletsa. Dzulo ndalemba kale m'buku la kuntchito kuti pa 26 Disembala asadzandiike pa shifiti. Abwana anandiyang'ana n'kunena kuti tikadali mu Januwale.